Mpamba umatsala pa lamba wa achitetezo: zoti adziwe opikula malaputopu ndi mafoni kunja

Pa bwalo la ndege la Baiyun mumzinda wa Guangzhou, kapena pa la Dubai, pali malo amodzi amene wamalonda aliyense amafikapo pakamwa patatsekeka. Watha sabata yathunthu akunenerera mitengo m'mashopu, zikwama wazikweza pasikelo katatu, tikiti ili m'manja. Chatsala ndi mzere wa achitetezo: lamba woyenda, mathireyi apulasitiki ndi makina ounikira katundu. Apa sanenerera. Wachitetezo akatulutsa power bank m'chikwama n'kuitembenuza, amakhala akufuna manambala olembedwa kumbuyo kwake. Akapanda kuwapeza, kapena akapeza kuti apitirira mlingo, amaiponya m'bokosi la zolandidwa n'kukodola wotsatira.

Munthu wongoyenda ulendo akataya power bank imodzi amadandaula pang'ono n'kuiwala. Wopikula katundu amene wanyamula 10, zogula ndi madola omwe anawapeza movutikira, wasiya mpamba pamenepo. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, dola iliyonse yotuluka m'dziko muno imafunika ibwerere itabala. Komabe ambiri opita kukaoda zipangizo amawerengera tikiti, malo ogona ndi msonkho, koma za mzere wa achitetezo amaziganizira atafika kale pomwepo.

Malamulo a pamzerewu amaoneka ngati osokonekera. Laputopu ituluke m'chikwama, koma foni ikhoza kukhala momwemo. Botolo lalikulu la mafuta odzola lipite m'sutikesi ya kunsi kwa ndege, koma batire lisayerekeze kupita komweko. Kusokonekeraku kumatha munthu akadziwa kuti oyendetsa ndege amaopa zinthu ziwiri zosiyana pa zipangizo zamagetsi. Choyamba ndi bomba. Chachiwiri ndi moto.

Mantha a bomba ndi akale. Pa 21 December 1988, ndege ya Pan Am yochokera ku London kupita ku New York inaphulika ili pamwamba pa tauni ya Lockerbie ku Scotland, ndipo anthu 270 anafa. Bombalo linabisidwa mu wailesi ya kaseti ya Toshiba yomwe inali m'sutikesi. Kuno ku Africa, pa 2 February 2016, bomba lobisidwa mu laputopu linaphulika m'ndege ya Daallo Airlines itangonyamuka ku Mogadishu kupita ku Djibouti. Linaboola chibowo m'mbali mwa ndegeyo, amene analinyamula anafera pomwepo, koma woyendetsa anakwanitsa kubwerera n'kukatera. Patatha chaka, mu March 2017, dziko la America linaletsa chipangizo chilichonse chachikulu kuposa foni kulowa nacho m'chipinda cha okwera pa ndege zopita kumeneko kuchokera m'mabwalo 10 a m'mayiko 8, kuphatikizapo Dubai, Cairo ndi Istanbul. Chiletsocho chinatha mu July chaka chomwecho, koma kuunika malaputopu kunakhwima kuposa kale.

Chifukwa chotulutsira laputopu n'chosavuta kumva. Makina ambiri amene ali m'mabwalo a ndege amaonetsa chithunzi chafulati, ngati chija amajambula kuchipatala munthu akathyoka mwendo. Zovala, zakudya ndi mapepala zimaoneka zachikasu chofiirira, zitsulo zimaoneka zabuluu, ndipo chinthu chokhuthala kwambiri chimangooneka chakuda. Laputopu ili ndi batire lalikulu, mawaya ndi timatabwa ta zitsulo tothithikana, choncho imaphimba chilichonse chomwe chili pansi kapena pamwamba pake. Woyang'ana pa sikirini ali ndi masekondi ochepa chabe. Akalephera kuona bwino, chikwamacho chimapatutsidwa kuti achitsegule pamanja.

Apa ndi pamene opikula amadzichedwetsa okha. Malaputopu atatu osanjikizana m'chikwama chimodzi, pakati pake patapanikizidwa machaja ndi mawaya opiringizika, amaoneka ngati chimwala chakuda chokhala ndi michira. Palibe wachitetezo amene angachilole kudutsa osachiona ndi maso. Laputopu iliyonse ikhale m'thireyi yakeyake, popanda kanthu pamwamba pake. Machaja ndi mawaya amangidwe pawokha m'jumbo yoonekera mkati. Mafoni a malonda akhalenso malo amodzi osavuta kutulutsa, osati omwazidwa m'masokosi ndi m'matumba a mabuluku. Kubisabisa kotereku sikubisa kanthu kwa makina. Kumangopangitsa wounika kuyamba kukayikira.

Nthawi zina wachitetezo amapukuta laputopu ndi kansalu kapena kapepala n'kukaika m'makina ena aang'ono. Amakhala akufufuza tizidutswa ta mankhwala opangira mabomba tosaoneka ndi maso. Makinawa amatha kulira chifukwa cha zinthu zosalakwa, monga feteleza wina, poti ali ndi mankhwala ofanana ndi amene amapezeka m'zophulika zina. Ochita geni yosakaniza, amene chikwama chomwecho amapita nacho kumunda ndi kudepoti, ndi bwino achitsuke kapena atenge china. Makina akalira si mlandu, koma mafunso ndi kusechedwa kachiwiri zimadya nthawi imene wokwera ndege alibe.

Palinso lamulo loti chipangizo chiyake. Linayamba mu July 2014 pa ndege zopita ku America, dziko la Britain n'kutsatira, ndipo wachitetezo ali ndi ufulu wouza munthu kuti ayatse foni kapena laputopu yake akaikayikira. Yokana kuyaka ikhoza kutsala. Mafoni atsopano amabwera ndi moto pang'ono kuchokera kufakitale, ndiye sakhala vuto. Vuto lili pa malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito, amene amagulidwa motchipa chifukwa batire linafa. Wogula amaganiza kuti akasintha batirelo akafika ku Lilongwe, ndipo nthawi zambiri amadutsa nawo bwinobwino. Koma tsiku limene wachitetezo anena kuti iyatsidwe, chaja ili m'sutikesi yomwe yapita kale kunsi, kutchipa kuja kumasanduka kudula.

Pali chikhulupiriro chofala choti makina ounikirawa amafufuta zimene zasungidwa mu kompyuta kapena amafooketsa batire. Si zoona. Chimene chimaononga laputopu pamalowa ndi kugwa kuchokera pa lamba, ndipo chimene chimaisowetsa ndi manja a munthu kapena changu cha mwini wake. Ozolowera kuyenda amaika nsapato, jekete ndi chikwama patsogolo, thireyi ya laputopu n'kukhala yomaliza, kuti izituluka mbali inayo iwo atadutsa kale. Amamatanso kapepala ka dzina ndi nambala ya foni kunsi kwake, chifukwa malaputopu akuda a HP, Dell ndi Lenovo amafanana kwambiri akakhala m'mathireyi.

M'mabwalo ena, monga la Schiphol ku Amsterdam ndi la London City, anaika makina atsopano otchedwa CT amene amazunguliza chithunzi cha chikwama mbali zonse, moti laputopu siitulutsidwanso. Koma makinawa sali paliponse, ndipo bwalo limodzi likhoza kukhala ndi mitundu yonse iwiri. Chofunika ndi kuwerenga zikwangwani ndi kumva zimene akunena pamzerepo tsiku limenelo.

Zonsezi n'zochedwetsa chabe. Chimene chimalanditsa katundu kawirikawiri ndi mantha achiwiri aja, a moto.

Pafupifupi foni, laputopu, power bank ndi nyali yotchaja iliyonse masiku ano imayendera batire la lithium. Batire lotere likaphwanyika, likabooka kapena likakhala lopangidwa mwachinyengo, limatentha lokha mpaka kuyaka, ndipo chipinda chimodzi cha batirelo chimayatsa chinzake. Likayakira pamene pali anthu, ogwira ntchito m'ndege amaona utsi msanga, n'kulizimitsa ndi kuliziziritsa ndi madzi. Likayakira kunsi, pakati pa masutikesi a zovala, palibe amene angalifikire. Pa 3 September 2010 ndege yonyamula katundu ya UPS inagwa ku Dubai moto utabuka m'katundu amene munali mabatire ambiri a mtunduwu, ndipo oyendetsa onse awiri anafa. Kuyambira pa 1 April 2016, bungwe loona za maulendo a pandege pa dziko lonse la ICAO linaletsa kutumiza mabatire a lithium otchaja, amene sali m'chipangizo, ngati katundu wa malonda kunsi kwa ndege zonyamula anthu. Ndipo pa 28 January 2025 ndege ya Air Busan inapsa ili pansi ku South Korea isananyamuke. Anthu onse 176 anapulumuka, koma ofufuza analoza chala power bank imene inali m'kabati ya pamwamba pa mipando. Chichitikireni ngoziyi makampani ambiri a ndege akhala akukhwimitsa malamulo awo.

Lamulo lalikulu ndi lakuti batire lapadera, ndipo power bank imawerengedwa m'gulu lomweli, silipita m'sutikesi ya kunsi. Limakhala m'chikwama cha m'manja basi. Kenako pamabwera nkhani ya kukula kwake, ndipo apa wamalonda ayenera kudziwa masamu pang'ono, chifukwa ogulitsa ndi achitetezo salankhula chinenero chimodzi. Wogulitsa amatchula mAh, nambala yaikulu yokopa makasitomala. Wachitetezo amafuna Wh. Batire losapitirira 100 Wh limaloledwa popanda kupempha. La pakati pa 100 ndi 160 Wh limafuna chilolezo cha kampani ya ndege, ndipo saloleza oposa awiri. Lopitirira 160 Wh silikwera ndi munthu m'njira iliyonse.

Kuti munthu apeze Wh, amachulukitsa mAh ndi mavoti a batirelo, omwe pa ma power bank ambiri amakhala 3.7, n'kugawa ndi 1,000. Ya 10,000 mAh ndi 37 Wh. Ya 20,000 mAh ndi 74 Wh. Ya 27,000 mAh ili pamalire penipeni, 99.9 Wh. Ya 30,000 mAh ndi 111 Wh, kutanthauza kuti yalowa kale m'gulu lopempha chilolezo. Ya 50,000 mAh ndi 185 Wh, ndipo imeneyo ndi ya m'bokosi la zolandidwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti zikuluzikuluzi ndi zimene zimayenda malonda kuno kumudzi magetsi akamavuta. Zimene kasitomala wa ku Limbe kapena ku Mzuzu amazifuna kwambiri ndi zomwezo zimene ndege imazikana.

Pali kanthu kena koseketsa koma kopweteka. Ma power bank ena otchipa amalembedwa 50,000 mAh pomwe mkati mwake mulibe ngakhale theka la mphamvu imeneyo. Wachitetezo satsegula kuti ayeze. Amakhulupirira zolembedwazo, ndipo bodza la wopanga limalanditsa katundu wa wogula. Yosalembedwa kanthu, kapena imene manambala ake afufutika, nayonso imalandidwa m'mabwalo ambiri, makamaka a ku China.

Chiwerengero nacho chili ndi malire. Mu 2025, malangizo a bungwe la makampani a ndege la IATA ankati munthu mmodzi asanyamule zipangizo zoyendera mabatire zoposa 15, ndi mabatire apadera oposa 20, pokhapokha kampani ya ndegeyo itavomereza. Malangizowo amanenanso kuti zinthuzi zikhale zogwiritsa ntchito mwini wake. Wonyamula mafoni 40 amtundu umodzi, onse ali m'makatoni awo, sangaumirire kuti ndi ake oimbira. Ambiri amadutsa chifukwa palibe amene wawerenga tsiku limenelo, ndipo akafika kumudzi amauza anzawo kuti palibe vuto. Geni yodalira kuti wachitetezo akhala wotopa ndi juga. Ndiponso kampani iliyonse ili ndi ufulu wotsitsa chiwerengerochi. Kuyambira pa 1 October 2025, Emirates imalola power bank imodzi yokha pa munthu, yosakwana 100 Wh, yolembedwa bwino mphamvu yake, ndipo siigwiritsidwa ntchito m'ndege kapena kuikidwa m'kabati ya pamwamba.

Opita ku China ali ndi china choti asaiwale. Kuyambira pa 28 June 2025, pa ndege zoyenda mkati mwa dzikolo salola power bank yopanda chizindikiro cha CCC, chimene ena amachitcha 3C, kapena imene chizindikirocho sichikuoneka bwino, kapenanso ya mtundu umene opanga anauitanitsa chifukwa cha zovuta. Katundu wambiri wopangidwira misika ya kunja amakhala ndi zizindikiro zina, monga CE, koma osati CCC. Choncho wogula ku Yiwu amene akufuna kukwera ndege ya mkati kupita ku Guangzhou akhoza kutaya katundu asanayambe n'komwe ulendo wobwerera kwawo. Ogula ku msika wa Huaqiangbei ku Shenzhen ali ndi mwayi woti Guangzhou ndi pafupi, amafikako pa galimoto.

Wina akamva zonsezi amaganiza zongoponya ma power bank m'sutikesi yaikulu n'kukhala chete. Masutikesi nawo amaunikidwa, kungoti mwini wake saona. M'mabwalo a ku China munthu amauzidwa kuti adikire kaye pang'ono akapereka sutikesi, ndipo makina akaona batire amaitanidwa kuti akatsegule. Kwina amatsegula okha n'kuchotsa, kwinanso sutikesi yonse imatsala, mwini wake n'kudzazindikira ali pa Kamuzu International Airport kapena ku Chileka, lamba wa katundu ataima iye alibe kanthu.

Laputopu kapena foni imene batire lake lili mkati imaloledwa kunsi kwa ndege pa makampani ambiri, bola ikhale yozimitsiratu, osati yongotseka chivindikiro, ndipo ikulungidwe kuti isaphwanyike kapena kuyaka yokha. Kuloledwa sikutanthauza kuti ndi nzeru. Makampani ambiri amalemba m'malamulo awo a ulendo kuti zinthu zodula ngati zimenezi zisaikidwe m'sutikesi ya kunsi, ndipo chipukutamisozi cha sutikesi yosowa chili ndi malire amene sangafike pa mtengo wa mafoni apamwamba angapo. Koma nacho chikwama cha m'manja chili ndi sikelo yake: Ethiopian Airlines ndi Emirates amalola makilogalamu 7 kwa okwera m'malo wamba. Laputopu ya muofesi pamodzi ndi chaja yake imalemera pafupifupi makilogalamu awiri. Atatu okha, chikwama chadzaza. Kwa opikula malaputopu, sikelo ndi imene imayamba kuwaimitsa lamulo la zipangizo 15 lisanawakhudze.

Pa ndege zing'onozing'ono zolumikiza mizinda ya m'chigawo chino, kapena ndege ikadzaza, ogwira ntchito amatha kutenga chikwama cha m'manja pakhomo kuti chipite kunsi. Pamenepo mwini wake ayenera kutulutsa ma power bank ndi mabatire onse apadera n'kulowa nawo. N'chifukwa chake ndi bwino kuti akhale m'kachikwama kamodzi kosolola msanga, lililonse m'katoni yake kapena malo ake olumikizira atamatidwa ndi tepi kuti asakhudzane ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo.

Ogula malaputopu akale aziyang'ana batire asanalipire. Kiyibodi ikatukumuka, kapena kunsi kwa laputopu kukakana kukhala bwino patebulo, ndiye kuti batire latupa, ndipo batire loonongeka sililoledwa m'ndege kaya m'manja kaya kunsi. Palinso mitundu ina imene inaletsedwa ndi dzina. Samsung Galaxy Note 7 inaletsedwa mu October 2016. Mu 2019 kampani ya Apple inaitanitsa ma MacBook Pro ena a mainchesi 15 amene anagulitsidwa makamaka pakati pa September 2015 ndi February 2017 chifukwa mabatire ake ankatentha, ndipo makampani a ndege anakana amene anali asanasinthidwe batire. Makina a zaka zimenezo ndi amene amapezeka m'milu ya zogwiritsidwapo kale ntchito, choncho nambala ya laputopuyo ifufuzidwe pa intaneti wogula akadali m'shopu.

Chinanso, ochokera ku Dubai kapena ku China amadzera ku Addis Ababa, Nairobi, Johannesburg kapena mizinda ina asanafike kuno, ndipo posintha ndege nthawi zambiri amaunikidwanso. Kudutsa pa bwalo loyamba si chiphaso cha pa lachiwiri. Amene tikiti yake imangomupatsa ola limodzi losinthira ndege, atanyamula chikwama chodzaza zipangizo, akudziika pampanipani: kusechedwa kwa mphindi 20 n'kokwanira kuti chitseko chitsekedwe. Tikiti yotchipa ya nthawi yothina imatha kudula kuposa inzake.

Nanga katundu wamkulu, monga mabokosi a magetsi otchaja oyendetsera wailesi ya kanema ndi firiji yaing'ono, kapena mabatire a sola? Ambiri mwa amenewa amapitirira 160 Wh kutalitali. Njira yake ndi makampani otumiza katundu, pa ndege ya katundu yekhayekha kapena pa sitima ya pamadzi kudzera ku Dar es Salaam, Beira kapena Nacala. Otumizawa amalipiritsa mosiyana katundu wa mabatire chifukwa amafuna mapepala ndi kapakidwe kapadera, ndipo amatenga nthawi yaitali. Wamalonda afunse mtengowo asanagule katundu, osati atagula kale, kuti aone ngati phindu litsalepo. Kunamiza wotumiza kuti m'katoni muli zovala pomwe muli mabatire ndi mlandu, ndipo akagwidwa mtokoma wonse umaimitsidwa, kuphatikizapo katundu wa anthu ena osalakwa.

Ena amasokoneza achitetezo ndi a msonkho. Ndi anthu awiri osiyana, ofuna zinthu zosiyana. Wachitetezo safuna kudziwa mtengo wa foni. Wa MRA safuna kudziwa za Wh. Kuchotsa mafoni m'makatoni awo kuti aoneke ngati ogwiritsidwa kale ntchito sikuthandiza pa makina ounikira, ndipo sikupusitsa wa msonkho amene amaona zoterezi tsiku lililonse. Kumangogwetsa mtengo, poti kasitomala wa kuno amafuna atsegule yekha katoni yomata. Malisiti asungidwe m'chikwama cha m'manja, ndipo ajambulidwenso pa foni.

Katundu akakanidwa pa mzere wa achitetezo, mabwalo ena amalola munthu kubwerera panja kuti akapatse womuperekeza kapena akafune njira ina yotumizira, ngati nthawi ilipo. Izi zimatheka kwa amene wafika patatsala maola atatu kapena kuposerapo, komanso ali ndi nambala ya wotumiza katundu amene angabwere kudzatenga. Wofika patatsala ola limodzi, mumzinda umene sadziwamo aliyense, amangosiya katunduyo m'bokosi muja n'kuthamangira ndege.